Seva Yomwe Inkachedwa Kudzuka

Zaka zija intaneti itangofika kumene kuno ku Mulanje, ine ndinali kale ndi imvi, koma mtima unali wothamanga. Gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi linandipempha kuti ndiwapangire webusaiti yoti atsogoleri awo aziona tsiku limene lole ibwere kudzatenga masamba, chifukwa tiyi wothyola akakhalitsa padzuwa, ana inu, amafota ndipo ku fakitale amamubweza.

Tsono pulogalamu yonyamula webusaiti, ija timati seva, simabwera imodzi ayi. Inu lero mukudziwa, koma ine ndinangoona kuti pali yathunthu ndi ina yopepuka ya webu yokha, ndipo ndinati mumtima, munthu wamkulu ngati ine nditengerenji yaing'ono? Ndinasenzetsa yathunthuyo kakompyuta kokalamba ka mu ofesi ya gululo.

M'mawa ndinkaiyatsa n'kukhala pazenera, chiperoni chikutsika m'phiri mwakachetechete, kuphimba minda mzere ndi mzere, ndipo ndinkalota midzi yonse mpaka ku Muloza ikuwerenga tsamba langa la pa intaneti, koma chifunga chinkachita kutha seva isanadzuke. Tsiku lina inakaniratu, lole itasintha tsiku, ndipo mudzi wathunthu unadikira pamsewu mpaka dzuwa kupendeka. Mayi wina anabwera ku ofesi. Sanakalipe. Anangotambasula dzanja, masamba ofiirira ali m'menemo, n'kunena kuti, "Bambo, uyu anali tiyi wabwino."

Paja safunsa anadya phula. Ndinakwera minibasi ya ku Blantyre kukaonana ndi Esinta, mwana wa mlongo wanga, amene ntchito yake inali yomweyi.

"Amalume, tsamba lanulo limachita chiyani?"

"Limaonetsa masiku a lole, basi."

"Ndiye yathunthuyo ya chiyani? Imeneyo ndi ya makampani akuluakulu, kumene makina ambiri amatumizirana mauthenga osapuma. Ya webu ili ndi masamba a webusaiti, polowera anthu, ndi njira yofikira kosungira zinthu. Zanu zonse zilimo. Kusiyana kwa ziwirizi ndi kuchuluka kwa zida. Koma palinso funso lina, la mtundu: pali yaulere, yoti ikavuta mumadzionera nokha, ndi yogula, yoti eni ake amakuthandizani. Musaphatikize mafunso awiriwa."

Ndinabwerera ndi manyazi, phiri likukula pang'onopang'ono kutsogolo kwa minibasi, ndipo nditaika yopepukayo inadzuka ndisanakoke n'komwe mpando. Alimi anandikhululukira, koma panatenga nyengo yonse ya mvula kuti ayambenso kukhulupirira tsambalo osatuma munthu wa njinga kudzafunsa.

Lero makina anu ndi amphamvu, ndipo ngakhale mutalakwitsa kusankha amangopirira osakuuzani. Ndiye musanatsitse seva iliyonse, adzukulu anga, khalani kaye pansi, mulembe zimene tsamba lanu liyenera kuchita, mufunsenso kuti likaima alire ndani. Amene akudikira pamsewu sadziwa dzina la seva yanu, koma lanu amalidziwa.