Mavavu Ali M'ndowa Imodzi

Malemu anabadwa pa 9 Juni 1951, wachitatu m'banja la ana asanu. Sukulu anailekeza mu 1966 n'kuyamba kuphunzira kuwotcherera zitsulo kwa msuweni wawo. Mu 1975 anamanga banja ndi amayi athu ali apawa, ndipo chaka chomwecho analowa bandi ya malipenga. Kuimba sankatha, tisanamizane pamaliro, koma lipenga likapindika kapena kutsekeka, manja awo ndiwo ankalibwezera mawu. N'chifukwa chake munkawatcha Amkuwa.

Mu 1989 anapeza tuba, lipenga lalikulu lija loimba besi, itatayidwa kuseri kwa holo, nkhuku zikuikiramo mazira. Anaiwongola ndi nyundo yamtengo, kuimata, kuipukuta, mpaka munthu nkumadziyang'anirapo nkhope. Anayenda kufunsa oimba okalamba za mwini wake, ndipo anapeza kuti inachoka kubandi ya asilikali, n'kupita kubandi ya pamgodi, isanafike kuno. Ife ana tinkachita nayo nsanje, chifukwa inkagona pabulangete labwino kuposa lathu. Anaipereka kubandi ndi pempho limodzi, lakuti idzalire pamaliro awo.

Mu Ogasiti chaka chatha malemu anagonekedwa m'chipatala ndi matenda a mtima. Ali chigonere, wapampando wa bandi, amene ndi mlamu wawo weniweni, amalume athu, anati chakalecho, tuba ija, chikungodya malo, n'kuchipereka kwa ogula zitsulo zakutha. Malemu atatuluka anakaipeza itaphwanyidwa kale ndi hamala, ili pamulu umodzi ndi mapaipi a madzi. Sanakalipe. Anangobwera kunyumba n'kusiya kudya bwino, ndipo anatisiya Lachiwiri lapitali. Zimenezi zatiwawa, ndipo sitibisa.

Malemu asiya mkazi, ana anayi ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Tikuthokoza anamwino, aneba amene ankawatengera kuchipatala, ndi anzawo owotcherera amene anyamula bokosi.

A bandi, dzulo munatuma munthu kudzapempha matuba anu atatu atsopano amene anali kwa malemu kukatsukidwa, kuti muimbe lero. Alipo, pakhonde. Koma dziwani kuti vavu iliyonse, kachitsulo kodina ndi chala kaja, malemu ankaipala kuti ikwane malo ake okha, ndipo sankaikapo chizindikiro chifukwa ankazidziwa ndi manja. Sabata yatha anapempha kuti tiwakhazike tsonga, anamasula mavavu onse, ndi zomangira zake zomwe, n'kuwathira m'ndowa imodzi pamodzi ndi ena akale amene anatolera moyo wawo wonse. Anavundula okha. Amalume, ndowayo ndi yanu, mukasankhe bwino. Maliro ano tiyenda opanda besi, ndipo pa zionetsero za mabandi za mwezi wamawa nanunso mukayende choncho.

Mzimu wa bambo athu uuse mumtendere. Enanu mtendere mukaufune nokha.