Mkamwini Amene Anakana Bokosi

Zaka zija matipate atangofika kumene, ambiri a inu musanabadwe, kumtunda kwa mudzi uno, m'tsinde mwa Michesi, munthu unkayenda mumthunzi wokhawokha mpaka kukafika pa kasupe. Manja asaime, zisendani nandoloyo, nkhani imalowera kukhutu.

Mitengo imeneyo anabzala ndi agogo anu a Makwinja, alamu anga, amene anachoka ku Chiringa n'kudzakwatira mlongo wanga Esinati. Munthu uja nyumba inkamuyabwa. Kukacha khasu lili paphewa, akaweruka kumunda ulendo wa kuphiri kukatola njere za mbawa, ndipo Lamulungu akangotuluka m'tchalitchi, jekete ankapatsira akazi awo, iwo n'kutsetserekera kumtsinje ndi ana, kukawaphunzitsa mayina a mbalame. Inu a lero mumadziwa mayina a osewera mpira a kunja, koma nditakufunsani mbalame ikulira apoyo mungoyang'anana.

Tsono kwathu kuno mkamwini amabzala chimanga ndi chinangwa, zoti adye asanathamangitsidwe, osati mtengo ayi. Anthu ankawaseka. "A Makwinja, mlendo ndi mame. Tsiku lomwe Esinati adzakuponyereni katundu panja, mbawazi mudzazisenza pamutu?" Iwo ankangoseka nawo, n'kunena kuti, "Ana anga akamamwa madzi a pano, ine ndakhuta."

Ufulu wa matipatewo utabwera tinavina tonse, koma walira mvula walira matope. Ena anamva ngati ufulu ndiye kunola nkhwangwa, ndipo njinga za makala zinkatsika phiri motsatizana mpaka phiri linametedwa mpala. Inatsala mitengo ya pakasupe yokha, ndipo maso onse anali pomwepo. Alamu anga sakanatha kukalipira munthu pamudzi wa eni, pajatu amati mkamwini asamakule mwendo. Mukudziwa zomwe anachita? Anasema ming'oma ya njuchi, n'kupachika mumtengo uliwonse waukulu.

Ootcha makala atabwera, nkhwangwa inangolira kawiri. Abale inu, ndinaona ndi maso angawa amuna a ndevu zawo akuthamanga mbali ino ya mudzi, malaya kumutu, akuitana amayi awo! A Makwinja anatola nkhwangwa zomwe zinatayidwa, n'kuyenda nazo khomo ndi khomo, aliyense kumusiyira yake ndi kambale ka uchi. "Munaiwala katundu wanu kumtunda kuja," basi, osawonjezera mawu. Palibe anabwererako. Ndipo chaka cha chilala chija, zitsime zitauma, amayi ankachokera kutali ngati ku Kaduya ndi ndowa zawo, kudzatunga pakasupe wa mkamwini yemwe ankasekedwa uja. Ine ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, ngati ndinabzala ndine.

Koma nkhwangwa yomaliza inabwera ndi achibale awo omwe. Alamu atatisiya, abale awo a ku Chiringa anafika pamaliro ndi macheka. Mkulu wawo anati, "Mbale wathu anali munthu wa mitengo. Sangapite ngati wosauka. Tigwetse mbawa yaikulu ya pakasupe ija, timupangire bokosi loti anthu aone." Ankanena mwachikondi, ndipo ambiri anavomera.

Inu mukudziwa kuti namfedwa amakhala m'nyumba ya siwa, satuluka kukayankha amuna. Koma Esinati anatuluka, maso ali otupa, n'kuima pakhomo. "Amuna anga anandiuza kuti, 'Ndikadzafa mudzandikulunge mumphasa. Mtengo umodzi ukadzangogwa, nkhwangwa zidzaidziwa njira.'"

Wina ananong'ona kuti midzi yonse idzatiseka, idzati anthu aja anadya thukuta la mkamwini n'kumutaya ngati mwana wakhanda. Onse anacheukira ine, poti mwini mbumba ndinali ine. Mtima unandiwawa, chifukwa bokosi ankaliyenera kuposa tonsefe. Ndinaimirira n'kuuza mkulu wa ku Chiringa uja kuti, "Alamu, manyaziwo tisenza ndife. Machekawo bwererani nawo."

Tinawaika mumphasa. Ndipo amene anakumba manda, osachita kuitanidwa, anali amuna omwe aja anathamangitsidwa ndi njuchi.

Madzi amene mwamwa m'mawa uno achokera pansi pa mbawa imeneyo. Ndiye adzukulu anga, kulikonse kumene moyo ungakutayeni, musamawerenge kuti mukhalako mpaka liti, bzalani basi. Iwe Yohane, ndamva kuti mwezi wamawa ukupita ku chikamwini. Pisa m'thumba la jekete langali, mulimo njere za mtengo wa agogo ako. Akakakuseka kumeneko, useke nawo.