Ngolo Yosakankhidwa

Kingsford, mphunzitsi wamng'ono wa ku mishoni, anabwereka limba la tchalitchi kuti likalire pa ukwati wake ku Soche mawa lake, ndipo bwana wa mishoni anamuuza mosapsatira kuti likangokandika, ntchito yatha. Pachitunda cha kutsidya kwa mtsinje wa Naperi, Che Alidi, mwini ngolo yokoka ndi manja imene inanyamula limbalo, anaima thukuta lili kamukamu.

"Aphunzitsi, tagwirani apa ndikatole mwala."

"Mwala wa chiyani?"

"Woika kugudumu."

Kingsford anaponya maso kumtunda. Pakhonde la apongozi ake panali patadzaza anthu, onse akusirira jekete lake loyera. Munthu wa jekete agwire ngolo ngati mtengatenga? Bola kufa.

"Zamiyalazo n'zachikale, Che Alidi. Buku la azungu likuti chinthu chikaima, chimaimabe mpaka wina atachikankha."

"Chilichonse?"

"Chilichonse."

"Ngakhale pachitunda?"

"Phunziro la zitunda bwana analidumpha. Anati n'lolemera pamitu yathu."

"Ogo! Ndiye kuti ine zaka zonsezi ndakhala ndikutola miyala pachabe?"

"Pachabe."

"Asa, msana wanga ine!" Che Alidi anapukusa mutu, akudzimvera chisoni. "Komatu aphunzitsi, ndikumva ngati wina akuikoka."

"Tasuzumirani kumbuyoko. Kuli munthu?"

Anasuzumira. "Kulibe."

"Ng'ombe?"

"Kulibe."

"Chingwe?"

"Nacho kulibe."

"Ndiye akuikoka ndani? Umenewo ndi umbuli. Isiyeni."

"Ndiisiye ndithu?"

"Kodi ndikulankhula Chingerezi?"

Che Alidi anachotsa manja mwaulemu, nakakhala pachulu, n'kumadzikupiza ndi chisoti chawo cha kofia. Ngolo inaima phee. Kingsford anatukumula chifuwa, nagwedezera mutu anthu a pakhonde aja kuti aone kumene kunapita nthawi yake ya sukulu. Kenaka gudumu linati kwii, n'kuyamba kubwerera kumene linachokera.

"Che Alidi! Ikupita!"

"Mwaikankha?"

"Iyayi!"

"Inenso ayi. Manja anga ndi awa."

"Thamangani, muigwire!"

"Nanga inu?"

"Ndili m'jekete!"

"Eya, zoona. Koma tandiuzani, bukulo likuti chiyani za chinthu chimene chayamba kuyenda?"

"Chimayendabe mpaka china chitachiimitsa," anayankha Kingsford msangamsanga, poti funso la m'buku sankatha kulisiya, ngakhale nyumba ikupsa. "Aa, musandifunse zimenezo! Mayo, limba la azungu!"

"Ndiye ine ndi zaka zangazi ndikhale china chimenecho? Pepani."

Ngolo inatsetsereka fumbi lili kobo, nkhuku zikuthawira uku ndi uku. Kumunsi, m'mphepete mwa mtsinje, kunali bulugamu wamkulu amene sanamvepo za buku lililonse. Kunamveka phwaa! Limba linatulutsa mawu amodzi aatali, achisoni, ngati ng'ombe yotsanzikana ndi khola.

Amayi a pakhonde, poganiza kuti nyimbo zayamba, anaimba nthungululu.

Kingsford anagwira m'mutu. Anakhala pansi m'fumbi momwemo, jekete osalikumbukanso, misozi ili chuchuchu.

"Ndatha ine. Ntchito yapita. Ndikamuuza chiyani bwana?"

Che Alidi anatsika pachulu, namusisita paphewa ndi chifundo chenicheni.

"Aphunzitsi, tandiyankhani bwinobwino. Alipo amene waikankha?"

"Palibe!"

"Ndiye mukulirira chiyani? Bwana wanu sanama. Ngoloyo ili pompano."