Mzere umodzi umene ndinasuntha

Abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, abale ndi alongo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, ndipo sinditalikitsa.

Mukundidziwa, ndimaphunzitsa makompyuta pasekondale yathu pano pa Vubwi. Tili ndi kompyuta imodzi yaikulu imene imayendetsa tating'ono tonse ta ana. M'kati mwake muli mapulosesa anayi, ndiwo amakoka ntchito ngati ng'ombe pangolo. Magetsi athu ndi a sola. Batire ikatsika, makina amagoneka mapulosesa atatu n'kusiya imodzi. Dzuwa likawala, amawadzutsanso. Zinkayenda choncho, bwinobwino.

Temu ino zinasintha. Mapulosesa aja akagona, osadzukanso. Makina onse zii, kalasi yonse ikundiyang'ana, mayeso ali pakhomo.

Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndinapita kwa aHedi, pamaso pa aphunzitsi onse, n'kunena kuti aZulu, alonda athu, amatchaja mafoni a anthu pabatire, ndiwo awononga makina. Sindinaone ndi maso, abale. Sindinaone. AHedi anawalanda makiyi a chipinda cha makompyuta, nati mayeso akatha, ntchito yathanso. Bambo wa ana asanu.

Makiyi analandidwa, koma vuto silinathe. Ndiye ndinakhala pansi kufufuza. Pulogalamu imene imalamulira makina onse timaitcha kenelo, ndipo patchuthi ndinaikamo yatsopano. Ndinabwezera yakale, mapulosesa akudzuka. Yatsopano, osadzuka. Ndinatenga zonse zimene zinasintha mu yatsopanoyo, n'kuyamba kuzigawa pakati, kuyesa, kugawanso, kuyesa, masiku atatu, mpaka chinatsala chimodzi. Pamwamba pake panali dzina la amene anasintha. Langa.

Ndinali nditasuntha mzere umodzi wa malamulo a m'kenelomo kuti makina aziyaka msanga. Ndiye pulosesa inkadzuka malo ake ogwirira ntchito asanakonzedwe, n'kuima pomwepo. Kubwezera mzerewo sikunanditengere mphindi zisanu, zonse n'kuyamba kuyenda.

Apa ndi pamene mdyerekezi anandipeza, amayi. Pasukulupo palibe wina akanatha kuwerenga zimenezo. Ndikanangoti ndakonza zimene aZulu anawononga, anthu n'kundiombera m'manja. Ndinakhala chete sabata yathunthu. Sabata yathunthu! AZulu pageti amvekere, "Madamu, mwauka bwanji? Makina aja achira?" Ine kungogwedeza mutu n'kudutsa. Ndikagwada kuti ndipemphere, mawu osatuluka. Mtima unkandipweteka.

Lachinayi ndinalowa mu ofesi ya aHedi n'kunena zonse. Manyazi anandigwira kwambiri, sindinama. Makiyi awabwezera, ntchito yawo ili pomwepo.

Koma bodza lija ndinalinena pagulu, ndipo linafika kumsika, linafika m'nyumba zanu. Ena a inu mwakhala mukuwayang'ana cham'mbali. AZulu, ndakuonani kumbuyoko pafupi ndi chitseko. Ayi, musaimirire bambo, woyenera kuima ndine. Simunawononge kanthu. Ndinakunamizirani, ndikhululukireni.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse mtendere mpaka nditalankhula. Mpingo, kondwerani nane, katundu uja watulidwa. Amayi, yambitsani nyimbo, ine ndikupita kukawagwira dzanja, ngati angandilole.