Mabanja Abwereranso Kudzakhala Pakati pa Mzinda

Olemekezeka a Meya, amene mwasiya ntchito zambiri kuti mukhale nafe m'mawa uno, olemekezeka makhansala, makamaka inu a dera lino, amene kwa zaka zambiri mwakhala mukuimira mashopu ndi maofesi, ndipo kuyambira lero muziimiranso anthu oti azikudzutsani ndi madandaulo, a mkulu a nthambi yoona za nyumba pamodzi ndi onse ogwira nanu ntchito, amisiri omanga, opala matabwa, a magetsi ndi a mipope, amene manja anu akuonekera pakhoma lililonse la nyumbayi, amalonda a mumsewu uno, amene mwapirira fumbi ndi phokoso osatseka zitseko zanu, atolankhani, mabanja amene mulandire makiyi lero, ndi ana anu amene ndikuona kuti atopa kale ndi zolankhula zathu, amayi ndi abambo nonse, ndikupatsani moni.

Ndikuthokoza chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa. Pondiitana munati mukufuna munthu amene waona mizinda ina ikuluikulu, kuti anene mmene pakati pa mzinda wathu pakufananira ndi pa anzathu. Ndaionadi, koma yambiri ndinaionera pansi pa nthaka, pakuti ntchito yanga inali ya mipope ya madzi. Anzanga akamajambula zithunzi za nyumba zosanja, ine ndinkakhala ndili m'dzenje, jombo kumapazi, matope mpaka m'zigongono. Choncho zimene ndinene muzilandire monga mawu a munthu wa m'dzenje.

Mzinda woyamba umene ndinagwirako ntchito unapanikizika pakati pa nyanja ndi phiri, ndipo posowa kotambasukira unakulira kumwamba. Pakati pake nyumba ndi zazitali moti ukati uone pomwe zathera khosi limawawa, ndipo dzuwa limafika mumsewu masana okha, n'kuchokanso lisanawumitse ndi mpango womwe. Pansi pali shopu, pamwamba pa shopu pali ofesi, pamwamba pa ofesi pali banja likukazinga anyezi. Kumeneko mipope sipuma. Anthu akaweruka m'maofesi, madzi amayamba ntchito ina, yosambitsa ana ndi kutsuka mbale.

Wachiwiri unali mzinda wakale, wa timisewu topanikiza toyala miyala, wokongola moti alendo amachokera kutali kudzangouona. Koma alendowo anachuluka mpaka zipinda za mabanja zinasanduka zogonamo apaulendo, ndipo eni mzinda anasamukira kunja. Mayi wina wogulitsa buledi pakona pomwe tinkakumba anandiuza kuti, "Ndimagulitsa kwambiri kuposa kale, koma palibenso amene ndingamufunse kuti odwala aja adzuka bwanji."

Wachitatu nditaufika, ndinamva ngati ndakumana ndi m'bale wanga. Unali wotambasuka ngati wathuwu, woti umayenda pabasi mpaka msana kuwawa koma udakali mumzinda womwewo. Pakati pake panali nyumba za magalasi ndi malo aakulu oimika magalimoto, ndipo Loweruka masana unkatha kumva phazi lako lomwe.

Nanga wathu? Mlendo akafika kuno amayenda, nayenda, kenako amafunsa woyendetsa kuti, "Kodi mzinda weniweniwo uli pati?" pamene waudutsa kale. Ena amatiseka nazo, ndipo nafenso timadziseka. Koma ine sindinabwere kudzanyoza mzinda umene unandilera. Pakati pa mzinda wathu pali zinthu zimene anzathu a nyumba zazitali aja amazilakalaka: misewu yotakasuka, mitengo ya mthunzi, thambo loti umaliona osachita kupinda khosi. Chimene chinasowa ndi anthu ogonapo. Ife a madzi timadziwa: ikangokwana nthawi yoweruka, madzi a dera lino amatsika ngati wina watseka mpope waukulu, ndipo sadzukanso mpaka m'mawa, a m'maofesi akayamba kuwiritsa tiyi.

Sizinali choncho kale, ndipo apa mundilole ndinene za kwathu.

Ine ndinabadwira mumsewu uno. Mukayang'ana tsidya ilo, paja pali malo oimika magalimoto, panali nyumba yosanja kamodzi. Pansi pake panali shopu yometera tsitsi ya bambo anga, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Lumo. Ndikuona imvi zina kumbuyoko zikugwedezeka. N'kutheka kuti mitu imeneyo inadutsapo m'manja mwawo. M'shopumo munali galasi lalikulu long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi mpando wachitsulo umene unkakwera ukaponda kachitsulo kapansi. Ife tinkakhala pamwamba, m'zipinda ziwiri. Chakudya chikapsa, amayi ankagogoda pansi ndi mtengo wa tsache, ndipo bambo ankauza munthu amene ali pampando kuti, "Mwamva belu, bwana, tiyeni timalize." Ntchito ya kusukulu ndinkalembera pabenchi ija, pakati pa makalaliki ndi madalaivala, ndipo aliyense ankafuna kundithandiza masamu, ngakhale amene sankawadziwa.

Kenako eni nyumba anaona kuti chipinda chokhala ndi desiki chimapindulitsa kuposa chipinda chokhala ndi banja. Sanali anthu oipa. Aliyense mumsewu uno ankachita zomwezo. Shopu anatisiyira, koma zipinda zapamwamba anatitulutsamo. Tinasamukira kumapeto kwenikweni kwa mzinda, kumene basi inkathera n'kutembenuka. Amayi anakondwa, ndipo ndinene zoona, anali ndi chifukwa. Kwa nthawi yoyamba anali ndi bwalo lawolawo. Anadzala masamba, nadzala mtengo wa mandimu, ndipo ankatha kuitana mwana mokweza popanda woyandikana naye kugogoda khoma.

Koma bambo anatsala ndi shopu yawo kuno. Ankakwera mabasi awiri popita, awiri pobwera. Ankachoka ife tisanadzuke, n'kubwera ife titagona. Mng'ono wanga, amene tinkamutcha Kamphepo chifukwa chosakhazikika, anabadwira kumeneko. Tsiku lina Lamlungu masana, iye atangoyamba kulankhula bwino, bambo anakhala pakhonde natambasula manja kuti amunyamule. Mwanayo anathawa, nakabisala kuseri kwa siketi ya amayi, n'kunena kuti, "Amama, alendo a Lamlungu aja abweranso."

Inu mwaseka, ifenso tinaseka, amayi mpaka anapukuta misozi. Bambo okha sanaseke. Anabweza manja awo, nawaika pamawondo, n'kukhala choncho mpaka tiyi wawo anazizira.

Madzulo ake, ine ndikutsuka makapu, ndinawamva akulankhula ndi amayi. Anati, "Mayi a ana, mumsewu uja ndimadziwa mutu wa munthu aliyense. Ndimadziwa amene ali ndi chipsera kunkhongo, ndimadziwa amene dazi layamba koma akudzinamiza. Koma mwana wanga wamera mano onse ine osaona ndi limodzi lomwe."

Amayi anati, "Ndiye mukuti titani, bambo a ana? Shopu ija ndiye imatidyetsa."

Bambo anati, "Kunonso anthu ali ndi mitu."

Mwezi usanathe anabwereka lole, nakweza mpando uja, galasi ndi benchi. Ndinapita nawo tsiku limenelo. Makasitomala awo anaima m'mbali mwa msewu ngati akuperekeza maliro, ndipo wina wa iwo, mlonda wa pabanki, anafuula kuti, "A Lumo, mukatisiya tisanduka nkhosa!" Bambo anaseka, koma galasi analigwira ndi manja awiri ulendo wonse, osacheuka.

Ndikanakonda kukuuzani kuti zonse zinayenda bwino, koma sizinatero. Kumapeto kwa mzinda kunalidi mitu, koma mituyo nayonso inkakwera basi m'mamawa kubwera kuno. Pakati pa sabata bambo ankakhala okha m'kashedi kamene anamanga pambali pa nyumba, akunola malumo akuthwa kale. Zinthu zinavuta, mpaka amayi anayamba kugulitsa masamba a m'dimba lawo kuti tipitirize sukulu. Munthu amene ankadziwa nkhani za mzinda wonse nyuzipepala isanatuluke anayamba kuzimvera kwa ena. Masana ndinkawapeza ataima pampanda, maso ali kumsewu wopita kuno. Koma m'mawa uliwonse ankagwira Kamphepo padzanja kumuperekeza kusukulu, ndipo atayamba kugweluka mano aja, dzino loyamba anamuzula ndi iwo. Sanadandaulepo pamaso pathu, koma ife tinkaona zimene anataya.

Patapita zaka, ine ndikugwira ntchito mumzinda wa nyumba zazitali uja, ndinawaitana kuti adzandione. Anali atakalamba, ndipo ndinkaopa kuti asungulumwa ndikapita kuntchito. Sanasungulumwe. Tsiku lachiwiri anali atapeza kale wometa tsitsi mumsewu umene ndinkakhala. Sankamvana chinenero, koma m'mawa uliwonse bambo ankakakhala pabenchi yake, akuonerera, nthawi zina akupukusa mutu chifukwa cha kagwiridwe ka sizasi. Tsiku lina ndinawapeza ataima pawindo. Anati, "Mwanangu, munthu uja akafika masana amakoloweka chikwangwani pachitseko, n'kukwera pamwamba kukadya ndi ana ake."

Ndinati, "Ndiye kuno n'kwabwino kuposa kwathu, eti ababa?"

Anati, "Wandionetsa chipinda chake. Ndi kabokosi. Mwana akafuna kuona mtambo amachita kutulutsa mutu pawindo. Ine kuno ndikanaona ana anga akukula, koma mayi ako akanafota opanda dimba lawo lija. Sindikudziwa, mwanangu. Ndimangoona kuti sitinayenere kuchita kusankha chimodzi mwa ziwirizi."

Bambo anatisiya asanaone tsiku lino. Kamphepo alipo, wakhala apo pamzere wachiwiri, ndipo tsopano ali ndi zidzukulu. Musamuyang'ane kwambiri, alendo amawaopabe.

Olemekezeka a Meya, amayi ndi abambo, nyumba imene taimamoyi inakhala yopanda anthu kwa zaka zambiri, maofesi amene analimo atasamukira kunja kwa mzinda kutsata malo oimika magalimoto. Munkakhala nkhunda. Kukanakhala kosavuta kuigwetsa, ndipo ndikudziwa kuti ena analangiza choncho. Inu munasankha ntchito yovuta: kusunga makoma, kutsegula bwalo pakati kuti dzuwa lilowe, kuika mashopu pansi ndi mabanja pamwamba. Pakati pa olandira makiyi lero pali namwino amene wakhala akuchoka pakhomo ana ake asanadzuke, pali osesa misewu ino, pali aphunzitsi, pali telala amene shopu yake ikhale pansi pa chipinda chake chogona. Pa chimenechi ndikukuthokozani ndi mtima wonse, ndipo ndikuthokozanso amisiri, amene ndayendera mipope yawo ndi maso a munthu wovuta, osapeza poti ndinene.

Koma mlendo woitanidwa salephera kupempha. Nyumba imodzi siingadzutse dera lonse. Ana awa afunika sukulu yoti azipita wapansi. Zipindazi zikhalebe za mabanja, zisadzasanduke zogonamo apaulendo monga zinachitikira mumzinda wakale uja. Madzi azifika mpaka chipinda chapamwamba kwenikweni, chifukwa akapanda kufika ndidzamva, ndipo ndikudziwa kumene ofesi yanu ili. Ndipo pamene tikukonza pakati pano, tisaiwale abale athu a kumapeto kwa mzinda. Ambiri a iwo sanapite kumeneko chifukwa chodana ndi mzinda, ndipo ambiri akukondako. Iwo akusowa mabasi odalirika, ndi ntchito zina zoti ziwatsate komweko.

Ndisanamalize, ndinene zimene zandichitikira m'mawa uno. Pamene amandionetsa nyumbayi, mayi wina mwa olowa lero anandikokera pambali pamasitepe. Ankaganiza kuti ndine wa kukhonsolo. Anandinong'oneza kuti, "Pepani amayi, ndifunseko. Popeza pano ndi pakati pa mzinda, pamadutsa mabwana, kodi tiziloledwa kuyanika zovala pakhonde? Ndili ndi mwana wakhanda, matewera ndi ambiri."

Ndinamuuza kuti ndilibe mphamvu yoyankha, koma ndikafunsa pamaso pa anthu. A Meya, ndikuona mukugwedeza mutu, ndipo atolankhani aona. Mayi, kulikonse kumene mwakhala, mwamva nokha. Yanikani. Mabwana akamadutsa pansipa aone matewera akuuluzika pamwamba pa shopu, adziwe kuti mumsewu uno mwabadwanso mwana.

Ndi mawu amenewa, mwa ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti nyumba ino yatsegulidwa tsopano. Eni ake, tengani makiyi anu, lowani kwanu.

Zikomo kwambiri.