Bambo Rodwell Munsaka ndi sowo ya ku Nakatindi

Amene tikuwaperekeza lero ndi Bambo Rodwell Munsaka. Anabadwa m'chaka cha 1941 ku Zimba, m'boma la Kalomo, ndipo anali oyamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anaphunzira ya mishoni mpaka Sitandade 6.

Mu 1963 anabwera kuno ku Livingstone, nalowa ntchito ya ukalaliki ku njanji. Mu 1966 anakwatira Mayi Lonah Mudenda, namanga banja ku Maramba. Ku njanji anagwira zaka makumi atatu popanda kudzudzulidwa, mpaka pamene antchito ambiri anachotsedwa mu 1993. Mumpingo mwathu anali mkulu wa mpingo kuyambira mu 1979.

Zimene zikutsatirazi abale ena anafuna kuti tizidumphe. Koma malemu ali m'chipatala anauza mkazi wawo, Mayi Lonah, kuti: "Mukadzadumpha chaka cha 1995, mudzakhala mukuika munthu wina, osati ine." Choncho tiwerenga.

Ntchito ya ku njanji itatha, alamu awo, Bambo Michael Mudenda, anawatenga kuti akhale dayirekitala wachiwiri pa kampani yawo yocheka matabwa ku msewu wa Nakatindi. Malemu anaona ngati ndi ulemu chabe. Ankavala jekete, kukhala mu ofesi ndi kusaina zimene alamu awabweretsera.

Mu Febuluwale 1995 kunabwera woyendera mafakitale wa boma. Anapeza kuti sowo yaikulu yachotsedwa chitsulo chotchinga mano ake, poti anthu ankati chimachedwetsa ntchito. Tsikulo alamu anali kunkhalango, ndiye woyenderayo anauza malemu pamaso kuti makinawo aime mpaka chotchingacho chibwezeredwe. Malemu anavomera, namuperekeza mpaka pageti. Koma eni malo ena ogona alendo anali kudikira matabwa, ndipo malemu anaopa kukangana ndi mlamu amene anawapatsa pogwira. Sowo inapitiriza kulira.

Mu Meyi chaka chomwecho, sowoyo inadula mkono wamanja wa Bambo Wamundila Kalaluka, wantchito wa zaka 24, amene mkazi wawo anali ndi khanda. Sabata isanathe alamu anawoloka malire pa Kazungula kuthawira kunja kwa dziko, ndipo mpaka lero sanabwerere. Apolisi anatenga malemu.

Ife abale ndife tinawalangiza kuti akakane mlandu, ndipo anatimvera. M'khoti ananena kuti iwo anali dayirekitala wa dzina lokha, za makina sankazidziwa. Woweruza anawayankha kuti lamulo silidziwa dayirekitala wa dzina lokha: amene wavomera mpandowo wasenza yekha udindo wa miyoyo ya antchito, ndipo sangabisale kumbuyo kwa kampani. Kenako woyendera uja anaimirira, nafotokoza zimene anawauza mu Febuluwale. Malemu anapezeka olakwa, nalipitsidwa chindapusa, ndipo kampani inatsekedwa. Chimene chinawadya kwambiri nchakuti anthu a mumpingo anali m'khotimo, ndipo anamva mkulu wawo akunama atagwira Baibulo.

Anatula pansi ukulu wa mpingo popanda wowakakamiza, nayamba kukhala pa benchi yakumbuyo. Popita ku tauni ankazungulira njira yaitali, kupewa msika wa Maramba kumene Bambo Kalaluka anayamba kugulitsa makala. Patapita chaka analimba mtima, napita kukapepesa. Bambo Kalaluka anawamvetsera mpaka kumaliza, kenako anafunsa: "Ba Munsaka, nanga dzanja langa mwabwera nalo?" Malemu anabwerera kunyumba, ndipo sanadye tsiku limenelo.

Mu 1997 anayamba kudwala matenda othamanga magazi. Mwezi watha anafa ziwalo mbali imodzi, nagonekedwa pa chipatala chachikulu, kumene anatisiya Lachisanu pa 14 Ogasiti 1998, ali ndi zaka 57.

Uthenga wa maliro tinautumiza kwa Bambo Kalaluka. Mkazi wawo, Mayi Mbaita, akhala nafe kuyambira Loweruka. Bambo Kalaluka eni ake sanabwere, ndipo palibe wa ife amene angawadandaule.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Lonah. Ana aamuna awiri, Choolwe ndi Chuma. Mwana wamkazi mmodzi, Twaambo. Adzukulu asanu ndi awiri. Azichemwali atatu ndi mng'ono mmodzi. Mtendere umene anausowa m'zaka zawo zomaliza, Mulungu awapatse. Apumule mu mtendere.