Phewa Silimva Kunenerera

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Dublin ndi inu akumudzi amene mumawerenga zimene ndimalemba pano. Ambiri mumandidziwa kuti ndine Msiska wonenerera, uja amene pa Moore Street anatsitsa mtengo wa therere mpaka mwini shopu anati ingotengani muzipita. Lero nthabwala zichepa. Ndikufuna ndichitire umboni za phewa langa lamanja, limene linandikhazika pansi miyezi isanu ndi iwiri, ndi za mayi wina wa ku Germany amene ndinamulakwira ndisanadziwe kuti ndidzagwera m'manja mwake.

Ndiyambe ndi mlandu wanga. Lamlungu lina pochokera kutchalitchi ndinapatukira pamsika wa zakale kufupi ndi Lucan, pamene azungu amatsegula buti ya galimoto n'kumagulitsa katundu amene atopa naye. Ine ndimagula zoterezi n'kukagulitsanso pa intaneti. Pamenepo ndinaona mayi wamtali, wa mapewa otambalala, ataima pafupi ndi chikwama cha maraketi a tenisi asanu ndi imodzi ndi tizikho tingapo ta mipikisano. Nkhope yake inali ya munthu amene akugulitsa chinthu chimene mtima sukufuna, ndipo kwa ife okulira mumsika wa Limbe nkhope yotero ndi Khirisimasi. Ndinatola raketi imodzi, ndinaigogoda pachikhatho, ndinapukusa mutu ngati dokotala. Ndinati chogwirira chaperepeseka, penti wakalika, ana amasiku ano safuna zachikale. Tizikhoto ndinati ndi zitsulo chabe, amene anatipambana anaiwalika kalekale. Ndinanamizira kuchoka, ndinabwerera, ndipo chikwama chonse ndinanyamula pamtengo umene ndikuchita manyazi kuulemba. Kunyumba ndinachita kuvina pamaso pa mkazi wanga, amayi a Tadala. Maraketi asanu ndi tizikho zinapita sabata isanathe. Imodzi, yoperepeseka zenizeni ija, palibe anaifuna, ndiye ndinaiponya kuseri kwa chitseko.

Ntchito yanga yeniyeni ndi yosamalira okalamba, ndipo nthawi imeneyo ndinkadzera ku ejensi, kampani yotumiza antchito kumene akufunika. Lamulo limati munthu wolemera muzimunyamula awiri, ndi makina onyamulira. Koma makina amachedwa, mnzako ali kuchipinda china, ndipo ine ndinkafuna mabwana azinena kuti Msiska ndi wachangu, mashifiti azibwera. Ndinkanyamula ndekha. Phewa litayamba kudandaula ndinanenerera nalo. Ndinati tiye tingomaliza mwezi uno. Ndinalipatsa panado, ndinalipaka mafuta otentha aja, ndinapemphanso mwezi wina. Tsiku lina m'mawa, ndikudzutsa agogo ena aamuna pabedi, ndinamva ngati nsalu yang'ambika m'kati mwa thupi. Agogo sanagwe, Mulungu alemekezeke, koma dzanja langa linangoti lende.

Apa ndi pamene ndinadziwa mtengo wanga weniweni. Ejensi imene inkandiimbira ngakhale ndili m'bafa inangoti zii. Tsiku limene anaimba, anandiwerengera lamulo lija la anthu awiri, mwaulemu kwambiri, ngati kuti zaka zonsezi sankadziwa chifukwa chimene ndinkamalizira msanga. Anati ndidzabwere ndi kalata ya dokotala yonena kuti dzanja likukwera kupitirira mutu. Abale a kutchalitchi sabata yoyamba anabwera ndi majusi. Sabata yachitatu anatumiza timanja topemphera pa foni. Kenako basi. Akumudzi anafunsa za phewa kamodzi, za ndalama za malata kanayi. Amayi a Tadala ankandiveka malaya ngati mwana asanathamangire basi ya kuchipatala cha Beaumont kumene amakolopa, ine n'kutsala pawindo, bambo wamkulu wolephera kupesa mutu wake womwe.

Ndi Mulungu ndinanenereranso. Ndinati Ambuye, bwezani dzanjali, ndilowa kwaya. Kumwamba kunali chete. Ndinawonjezera kuti ndisiya kubetcha mpira. Chete. Ndinayesa ngakhale njira ija yonamizira kuchoka, milungu itatu osaponda kutchalitchi, kudikira kuti andiitane ngati wamalonda, kuti bwerani bwana tikambirane. Sanandiitane.

Opaleshoni itachitika ananditumiza kwa fiziyo, munthu wophunzitsa dzanja kuyendanso. Chitseko chitatseguka ndinaona mapewa otambalala aja. Dzina lake ndi Katrin. Anawerenga pepala langa, anandiyang'ana, nati, "Bambo Msiska, maraketi aja anayenda bwino?"

Mumtima ndinati lero nyama yadzipereka yokha kwa mlenje. Munthuyu agwira dzanja langa lodwala, alipotokola mmene akufunira, ndipo pakutha pa mwezi alandira malipiro.

Sanabwezere, koma sanandinyengererenso. Anati ndikweze dzanja pakhoma ka fifitini. Khalidwe silifa, abale. Ndinati, "Madamu, tipange teni."

"Fifitini."

"Thwelofu, tonse tipindule."

Apo anakhala pampando, anakokera pambali kolala ya malaya ake, nandionetsa chipsera chachitali paphewa, mbali yomweyo ngati yanga. Anandiuza kuti tenisi anayamba ali kamwana m'tauni ina yaing'ono kwawo, ndipo atakula inakhala ntchito yake. Zaka zambiri ankayenda dziko ndi dziko m'mipikisano ing'onoing'ono imene simuiona pa TV, kugona mahotela otchipa, kuchapa yekha zovala mu sinki, kusewera pamaso pa anthu ochepa kuposa a pamaliro a mlendo. Atangotsala pang'ono kulowa m'mipikisano ikuluikulu, phewa linayamba. Ankati jakisoni mmodzi, mpikisano umodzi, kenako ndipuma. Mphunzitsi wake ankavomera, poti iye akapuma onse sadya. Tsiku lina anaponya mpira m'mwamba kuti amenye, dzanja silinatsatire. Makampani amene ankamupatsa nsapato anasiya kuyankha makalata. Anaphunzira ntchito ya ufiziyo, anadzakhala ku Dublin, ndipo chikwama chija chinagona pansi pa bedi mpaka tsiku limene analimba mtima kuti achigulitse. Ndiye tsiku limenelo anakumana ndi ine.

"Ine ndinanenerera ndi phewa langa zaka zitatu," anatero. "Ndinali katswiri kuposa inu, koma silinatsitse ngakhale pang'ono. Lanu likhoza kubwerera, langa linapita. Fifitini."

Ndinachita fifitini misozi ikutsika, ina ya ululu, ina ya manyazi.

Sabata yotsatira ndinachotsa raketi ija kuseri kwa chitseko kuti ndikamubwezere. Ndili m'basi ndinaigwira bwinobwino koyamba, ndipo ndinazindikira kuti kuperepeseka kumene ndinatsitsira mtengo kuja kunali malo a zala zake. Nditafika ndinapepesa, koyamba m'moyo wanga popanda kuchotsera kalikonse. Anaiyang'ana nthawi yaitali osaikhudza.

"Ndinagulitsa," anatero. "Motchipa, koma ndinagulitsa. Ndi yanu."

Kenako anati ndiigwire, ndiziikweza pang'onopang'ono ngati ndikufuna kumenya mpira umene uli m'mwamba. Anamata tepi pakhoma pamene ndinafika. Sabata iliyonse tepiyo inkakwera, nthawi zina kachala kamodzi, nthawi zina osasuntha n'komwe, ine n'kubwerera kunyumba ndikutukwanira mumtima. Patapita miyezi inayi raketi inagunda denga la chipinda chake. Katrin sanawombe m'manja. Anangoti, "Bwerezani," kenako anatembenukira kuwindo kwa kanthawi.

Kalata ya dokotala inatuluka. Ejensi ija inaimba ndi mawu okoma ngati sitinasiyanepo, koma ine ndinali nditapeza kale malo kunyumba ina ya okalamba. Tsopano ndimadikira makina, ndimadikira mnzanga, ndipo amene akufuna kunena kuti Msiska wayamba ulesi anene.

Sindikunamizani kuti mtima wayera mbee. Ena mwa inu amene munatumiza timanja tija ndimakupatsani moni Lamlungu mano okha akuseka, ndipo Ambuye akadagwirabe ntchito pamenepo. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi china. Katrin amakweza manja a anthu tsiku lonse, koma ndinamuona ndi maso anga akukwera pampando kuti atsitse kabokosi pa shelefu imene ine tsopano ndimaifika. Ndinafunsa Mulungu kuti bwanji ine wakuba masana n'kuchira, iye ayi. Yankho sindinalandire.

Komabe ndikuthokoza Mulungu amene anakana malonda anga onse, n'kunditumizira thandizo kudzera mwa munthu amene ndinamudyera masuku pamutu. Ndikuthokoza amayi a Tadala amene anandiveka malaya miyezi yonseyo osandiwerengera. Inu amene thupi layamba kukuchenjezani pa shifiti, musanenerere nalo. Inu amene mwakhala kale pawindo, pirirani, chitani fifitini yanu, pakuti thandizo likhoza kutulukira pachitseko chimene mukuchiopa.

Raketi ija ili pakhoma pabalaza. Mlendo wina posachedwapa anafunsa mtengo wake, ine ndinati siyogulitsa, ndipo amayi a Tadala anachita kutuluka kukhitchini kudzaona ngati ndine amene ndayankhula. Mulungu akudalitseni nonse. Ameni.